Debian 12 pa seva ya ku ofesi: ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndine amene ndimayang'anira seva yomwe imasunga mafayilo ndi database ya kuntchito kwathu. Tinaikapo Debian 12, mtundu wa Linux waulere womwe umayendetsa kompyuta yonse, itangotuluka mu June 2023, titasiya pulogalamu yogula yomwe inkafuna laisensi ya munthu aliyense wolumikizidwa ku sevayo.

Chimene chandisangalatsa kwambiri n'chimene anzanga ena amadandaula nacho: mapulogalamu a mu Debian stable, mtundu wa Debian womwe unayesedwa kale n'kukhazikika, amakhala akalekale. Akangotulutsa mtundu watsopano, pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, sasinthanso zambiri, amangotseka mipata yomwe akuba angalowere. Phindu lake ndinaliona mu March 2024, pomwe katswiri wa mapulogalamu Andres Freund anatulukira kuti wina anabisa khomo lachinsinsi mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo. Mtima unali m'mwamba usiku umenewo. Ndinatsegula laputopu, n'kulowa mu seva kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolowera mu kompyuta uli kutali), n'kufufuza mtundu wa xz womwe tinali nawo. Unali wakale, woipawo unangofika ku mitundu ya Debian yomwe imakhala ikuyesedwabe, monga testing ndi unstable. Ndinagona tulo tabwino.

Ma update achitetezo amalowa okha kudzera mu kapulogalamu kotchedwa unattended-upgrades, ndipo sevayo ndimaizimitsa n'kuiyatsanso pokhapokha kernel, yomwe ndi phata la Linux, ikasintha, pa nthawi yomwe ndasankha ndekha. Disiki imodzi itafa, mdadm, pulogalamu yoyang'anira madisiki, inanditumizira imelo m'mawa, anthu n'kumagwirabe ntchito osadziwa kanthu. Ndinachotsa yakufayo, n'kulowetsa ina, ndipo pofika madzulo RAID, dongosolo losunga deta pa madisiki angapo kuti imodzi ikafa zinthu zisatayike, inali itabwerera mwakale.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa palibe nambala yoimbira zinthu zikavuta. Red Hat Enterprise Linux ndi Windows Server zili ndi kampani kumbuyo kwake, mumasainirana mgwirizano, ndipo bwana amadziwa woti amufunse. Ku Debian ndi anthu ongodzipereka, choncho yankho umalisaka wekha m'malogi (momwe seva imalemba zomwe zachitika) ndi m'zolemba zawo. Kukonza Samba, pulogalamu yogawira mafayilo, kuti makompyuta a Windows aziona mafoda bwinobwino kunanditengera masiku atatu, ndipo sindibisa, ndinatuluka thukuta. Komanso pali mapulogalamu ena a akaunti omwe eni ake amangovomereza pa seva zoyendera mapulogalamu ogula ngati amenewa, ndiye fufuzani kaye musanasamuke.

Ngati muli ndi munthu amene saopa kulemba malamulo pa terminal (pomwe umalamula kompyuta polemba mawu), ikani Debian stable, ndipo muyese kubwezeretsa backup yanu kamodzi musanasamutsire mafayilo a anthu onse.