Ndemanga pa maphunziro a tiagalu tolondera pa boma la Dedza

Chakumunsi kwa phiri la Dedza, kamtunda pang'ono kuchokera pa msewu wa M1, kuli bambo ena omwe amaphunzitsa tiagalu ntchito yolondera pakhomo pogwiritsa ntchito chiguduli chopindapinda chomangirira ku chingwe cha khonje. Ndinapititsako kagalu kanga ka mtundu wa German Shepherd, ndipo ndikulemba izi kuti alimi a kachewere ndi oweta mbuzi a ku Bembeke, Linthipe ngakhalenso Tsangano, omwe akuba amawasowetsa tulo, adziwe zimene akazipeze asanatulutse ndalama zawo.

Funso loyamba limene aphunzitsiwa amafunsa ndi lakuti kodi pakhomo pali galu wina wamkulu, ndipo kodi awiriwo amalimbirana nsanza kapena chingwe. Ambiri timasangalala tikaona kagalu kakukokana ndi galu wamkulu poganiza kuti kakukhwima, koma iwo amaona mosiyana, ndipo nditaonetsetsa ndinagwirizana nawo. Galu wamkulu amapambana pafupifupi nthawi zonse, choncho kagalu kamazolowera kugwira ndi mano akutsogolo okha n'kutaya msanga kakangomva mphamvu ya mnzake. Kamaphunziranso kuti chisangalalo chili kwa galu mnzake osati kwa mbuye wake, zomwe zimadzavutitsa pa nthawi imene mukufuna kuti kamvere mawu anu. Saletsa agalu kusewera limodzi, chifukwa m'masewera otere ndi mmene kagalu kamadziwira malire a kuluma, koma amalangiza kuti chiguduli chizisungidwa m'nyumba ndipo chizituluka pokhapokha pamene munthu ndiye akusewera nako.

Mmene amachitira masewerawa ndi pamene pali luso lawo lenileni. Amakwekweretsa chiguduli pa kapinga mochithawitsa, kagalu n'kuchithamangitsa, ndipo kakachigwira m'mphepete iwo amaima osakoka, kudikira kuti kameze chigudulicho mpaka m'mano a kumbuyo. Kakatero amakoka pang'onopang'ono cham'mbali, osakanyamula m'mwamba kuopa kuvulaza khosi, kenako amachitaya kuti kagaluko kathamange nacho mutu uli m'mwamba. Kagwiridwe kodzaza pakamwa ndi kodekha kameneka ndi kamene amakayang'ana pa mayeso a agalu olondera omwe anayambira ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, omwe kale ankatchedwa Schutzhund ndipo kuyambira mu 2019 amatchedwa IGP.

Ndinayamikiranso kusamala kwawo pa nkhani ya mano. Kagalu kamakhala ndi mano oyamba 28, omwe amayamba kugwedera kakafika miyezi itatu kapena inayi, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri amakhala atalowedwa m'malo ndi mano okhalitsa 42. Kanga katayamba kusiya timadontho ta magazi pa chiguduli, anaimitsiratu zokokana ndipo nthawi yonseyo tinaithera pa kuyenda pa lamba, kukhala pansi ndi kubwera pakuitanidwa. Chifukwa chake n'chomveka: kagalu kakamva ululu m'nkhama nthawi iliyonse kakaluma, kamayamba kuopa kugwira mwamphamvu.

Ena amada nkhawa kuti kulola galu kupambana kumamuchititsa mwano. Kafukufuku wa Nicola Rooney ndi John Bradshaw wa mu 2002, yemwe anachitika ku England pa agalu 14 a mtundu wa Golden Retriever, anapeza kuti kupambana kapena kugonja pa masewerawa sikunasinthe ulemu wa galu kwa munthu. Chimene aphunzitsiwa saseka nacho ndi lamulo lakuti "Siya!" Amaumitsa chiguduli pa ntchafu pawo osachigwedeza mpaka kagalu kataye kokha, ndipo mphotho yake ndi kuyambiranso masewera. Galu woluma wosadziwa kusiya ndi ngozi kwa ana ndi alendo, n'chifukwa chake njira iyi ndimaiona yoposa chizolowezi chathu chotsekera kagalu mu mdima kapena kukadyetsa tsabola kuti kaluse, chomwe chimangobala galu wamantha wosasiyanitsa wakuba ndi mwana wa mnansi.

Zofooka zilipo. Bwalo lophunzitsira lilibe mpanda, ndipo Loweruka agalu amachuluka moti nthawi ya kagalu kalikonse imachepa, pamene m'kati mwa sabata amakhala ndi mpata wokufotokozerani bwino. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti safunsa khadi la katemera mwamphamvu, chonsecho matenda a parvo amapha tiagalu tambiri ndipo kachilombo kake kamakhalitsa m'nthaka kwa miyezi yambiri. Musapite nako kagalu kanu kasanamalize katemera ameneyu, komanso kasanabayitsidwe wa chiwewe, yemwe amaperekedwa kakakwana miyezi itatu.

Mtengo wake si wa aliyense, koma kwa munthu wokonzeka kumafika yekha ndi kubwereza masewerawa kunyumba kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, ndalamazo sizipita pachabe. Wofuna kungosiya kagalu kuti adzatenge galu wolusa pakutha pa mwezi adzakhumudwa, pakuti aphunzitsiwa sayamba zophunzitsa kuluma chotchinga chimene munthu amavala pamkono galu asanapitirire chaka.