Nkhuku ya dzulo: poto, nthunzi, chiwaya kapena microwave?

Kwathu ku Matawale, mumzinda wa Zomba, nkhuku sitidya tsiku lililonse, ndiye ikatsala zimandiwawa kuiona mawa lake ikufika pambale itauma gwa, ana n'kumangoitafuna osaimeza. Mwezi wathawu kunali chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Chinamwali. Pobwerera anandipatsa kontena yodzaza: pansi nkhuku yalokolo yophika ndi msuzi wake, pamwamba nthuli za broiler zokazinga. Ndinaziika mufiriji nditangofika, ndipo kwa masiku awiri ndinazitenthetsa m'njira zosiyanasiyana. Zomwe ndinaona zikugwirizana ndi zomwe ndakhala ndikuona kukhitchini zaka zonsezi.

Choyamba timvetse chimene chimaumitsa nyamayi. Nyama ya nkhuku yaiwisi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Ikamapsa timinofu take timakokana n'kufinyira madziwo kunja, monga mmene timafinyira chovala tikachapa, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 70 kufinyako kumanyanya. Madzi akatuluka sabwereramo. Choncho mukamatenthetsa nkhuku ya dzulo ndiye kuti mukuifinya kachiwiri. Koma kungoifunditsa pang'ono sikokwanira: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chakudya chifike madigiri 70 kuti tizilombo tife, ndipo a zaulimi ku America amati zotsala zifike 74. Ntchito yonse ili pamenepo, kuti pakati pa nthuli patenthe mokwanira kunja kusanapserere. Njira iliyonse ndimaiyeza ndi muyeso umenewu.

Komanso nkhuku si imodzi. Nganga ilibe mafuta ambiri, ndiye ndi imene imayamba kuuma. Ntchafu, miyendo ndi mapiko zimapirira. Broiler imaphedwa ili ndi masabata pafupifupi 6, nyama yake ndi yanthete, siichedwa kutaya madzi. Yalokolo yayenda miyezi yambiri ikupalasa pabwalo, mitsempha yake ndi yolimba, koma ikaphikidwa nthawi yaitali mitsemphayo imasungunukira mumsuzi. N'chifukwa chake msuzi wake ukazizira umagwirana n'kumanjenjemera pansi pa kontena. Ndaonapo anthu akukokota zimenezo n'kutaya, ati ndi mafuta oipa. Chonde musataye, ndi zomwezo zimene zidzapulumutse nyama yanu mawa.

Poto wovundikira pamoto wochepa ndiye ndimamudalira kuposa zonse. Ndimatulutsa nthuli zokhazo zimene tidye, zikuluzikulu ndimazidula pakati, n'kuziyala mupoto mosasanjikiza. Ndimathira msuzi wogwirana uja masupuni atatu kapena anayi, ukasowa ndimathira madzi, kenako chivundikiro chokwana bwino. Mchere sindiwonjezera, chifukwa msuzi ukamaphwera mchere wa dzulo umamveka kwambiri. Chinsinsi chili pamoto. Ambirife timatereka ndiwo mbaula itangoyaka kumene, makala ali psuu, kuti tifulumire kuphika nsima. Moto umenewo umaphwetsa msuzi m'kanthawi kochepa, pansi n'kupserera pamwamba pakadali pozizira. Ine ndimayamba nsima. Ndikaomola n'kuivundikira, makala amakhala atayamba kuchita phulusa loyera, ndipo pamenepo ndi pomwe ndimatereka nkhuku. Mphindi 8 mpaka 10, kutembenuza kamodzi kokha. Pa hotipuleti kapena gasi ndi chimodzimodzi, ingochepetsani. Ndikavundukula nthunzi imatuluka yambiri, msuzi ukubwata pang'onopang'ono m'mbali, ndipo ndikang'amba ntchafu pafupi ndi fupa pamatuluka nthunzi yootcha chala. Pakakhala pongofunda ndimabwezera.

Nkhuku yalokolo ya pachinkhoswe ija inatuluka mupotomo yokoma kuposa tsiku loyamba, chifukwa tomato ndi anyezi zinali zitalowerera. Chofooka cha poto ndi chimodzi: chikopa cha nkhuku yokazinga chimalobodoka. Amene amakonda chikopa chokukutika sakondwa nazo.

Nthunzi ndi njira imene anthu ambiri saiganizira, koma pa nganga palibe yoiposa. Agogo anga ankachita izi osadziwa za madigiri: mpunga ukaphwa madzi, nthawi yoika makala pachivundikiro, ankayala nthuli za nyama pamwamba pa mpungawo n'kuvundikira. Ine ndimachita zomwezo ndi mpunga wa faya umene timagula kwa amayi ochokera kumadambo a ku Chilwa. Nganga ndimaidula mopyapyala, kukhuthala ngati chala, kuti itenthe mpaka mkati, ndipo timadzi tochepa timene imatulutsa timalowa mumpunga, palibe chotayika. Ngati simukuphika mpunga, wiritsani madzi pang'ono mupoto wamkulu, ikani mbale yachitsulo pamwamba pa kapu yachitsulo yovundikiza kuti isakhudze madzi, muvundikire mphindi 10. Ubwino wake ndi woti nthunzi ya mupoto wamba siingapitirire kutentha kwa madzi owira. Kuno ku Zomba, poti tili pamtunda wa mamita oposa 900, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97. Yerekezani ndi mafuta a muchiwaya amene amafika 180. Nyama yozunguliridwa ndi chinyezi chotere siiuma kunja, ndipo ngakhale mutachedwa kuphula ndi mphindi ziwiri siiwonongeka kwenikweni. Imangofuna kuleza mtima, ndipo kakomedwe siiwonjezera. Ndimathira tsabola wa kambuzi ndi kufinyira ndimu pambale.

Tsono chiwaya. Apa ndi pomwe nkhuku zambiri za dzulo zimafera kachiwiri. Timaona anyamata a tchipisi kudepoti kapena kumsika akuponyanso nthuli m'mafuta owira kasitomala akafika, ife n'kumatengera zomwezo kunyumba. Koma nthuli yochokera mufiriji ili pa madigiri 4 kapena 5. Kuti pakati pake pafike 70, kunja kumakhala kutakhala m'mafuta otentha kwa nthawi yaitali, ndipo nganga imasanduka luzi lokhalokha. Alamu anga amakonda nkhuku yotere, amati ndiyo imayenda ndi tchipisi, koma amamwera madzi nthuli iliyonse.

Chiwaya sindinachitaye, ndinangosintha dongosolo. Ndimayamba ndi madzi masupuni awiri, osati mafuta, n'kuvundikira mphindi 5 kapena 6 pamoto wochepa kuti nthunzi itenthetse mkati. Madziwo akaphwa ndimavundukula, kudontheza mafuta pang'ono, kusonkhezera moto, n'kugoneka nthulizo chikopa pansi kwa mphindi ziwiri. Mapiko ndi miyendo ya broiler ija zinatuluka chikopa chili chofiirira chokukutika, mkati muli mofewa. Pa nkhuku yokazinga, njira imeneyi imaposa poto. Pa nganga yopanda chikopa musavutike nayo.

Microwave ndimaigwiritsa ntchito kuntchito, chifukwa nthawi ya nkhomaliro kulibe mbaula. Ndi yachangu, koma ndi imene imafuna kusamala kwambiri. Imatenthetsa mosalingana: m'mphepete mwa nthuli mumatentha mpaka kulimba ngati labala, pafupi ndi fupa pali pozizira. Anzanga ambiri amangodina batani n'kusiya mphindi zitatu pamphamvu yonse, mbale ili yosavundikira, nkhuku n'kumaphulika mkatimo. Chochita ndi kuchotsa nyama kufupa, kuidula tizidutswa tofanana, kutiyala m'mbali mwa mbale osati kuunjika pakati, kuthira supuni imodzi ya msuzi kapena madzi, n'kuvundikira ndi mbale ina. Mphamvu muike pa theka. Pa ma microwave ambiri theka limatanthauza kuti makina akuyaka n'kumazima, ndipo nthawi yozimayo kutentha kumafalikira kulowa mkati. Mphindi imodzi, tembenuzani, mphindi inanso, kenako dikirani pang'ono musanavundukule. Mukatero imadyeka bwino, koma muidye nthawi yomweyo, chifukwa ikangozizira imalimbanso.

Pali china chimene microwave siibisa: kafungo kaja ka nkhuku yogona. Sikuti yawonongeka ayi. Mafuta a munyama yophika amakumana ndi mpweya mufiriji n'kusintha, ndipo nkhuku imachita zimenezi msanga kuposa ng'ombe chifukwa cha mtundu wa mafuta ake. Akatswiri a zakudya ku America anayamba kulemba za fungo limeneli mu 1958. Mankhwala ake amayambira posunga: kontena yotseka bwino, yosakula kwambiri, nyama itamira mumsuzi kuti mpweya usaipeze. Mupoto, adyo pang'ono kapena ginger zimalibisa. Mu microwave limamveka lonse, ndipo ena kuntchito kwathu amadana nalo.

Uvuni sindikhalitsapo. Imagwira ntchito ngati nkhuku ndi yambiri, monga yotsala paukwati: muthireyi, msuzi pang'ono, kuphimba ndi foil, madigiri 160 kwa mphindi 20 kapena 25. Koma kuyatsa uvuni chifukwa cha nthuli zitatu ndi kumwaza mayunitsi, ndipo magetsi akathima pakatikati mumatsala ndi nyama yongofunda. Air fryer ndinaiyesa kwa mnzanga wa ku Mulunguzi. Imauzira mphepo yotentha youma, ndiye chikopa cha nkhuku yokazinga chimabwerera mwakale m'mphindi 4 kapena 5, koma nganga imene tinaikamo inatuluka yosalowa kukhosi. Kuotcha pawaya pamakala ndi chimodzimodzi, kumayenera mapiko okha.

Tsopano nkhani imene imandikhudza kwambiri, chifukwa nyumba zambiri ku Sadzi, ku Chikanda ndi kumidzi ya ku Jali zilibe firiji, ndipo nanenso ndinakulira m'nyumba yotere. Timawiritsa ndiwo usiku tikatha kudya, kuwiritsanso m'mawa, mwina masana kachitatu. Nkhuku yowira katatu imanyenyeka n'kukhala ulusi woyandama mumsuzi. Sindinganene kuti lekani kuwiritsa, chifukwa apa kudwala n'koopsa kuposa kuuma kwa nyama. Malangizo a zaumoyo amati chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, monga masana ena a mu Okutobala ndi Novembala, ola limodzi lokha. Tizilombo timachulukana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60. Tina, monga timene timachokera m'manja mwathu, timasiya poizoni amene safa ngakhale mutawiritsa bwanji, ndipo nyama yotere siinunkha kapena kusasa kuti ikuchenjezeni.

Ngati mulibe firiji, chimene mungachite ndi kusankha bwino zosiya. Nganga idyedwe usiku womwewo. Musiye ntchafu, miyendo, khosi ndi msana, zimene zimapirira kuwira. Ziwire ndithu mumsuzi wokwanira kuzimiza, muvundikire zikadali zotentha, ndipo pasapezeke wopisamo dzanja kapena supuni yonyambita usiku. M'mawa ziwirenso mpaka kubwata, mudye zonse, zisafikenso madzulo. Izi sizifanana ndi firiji, ndiye mwana wakhanda, mayi woyembekezera kapena wodwala ine sindimupatsa nyama yogona chotere. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri, mtima umakhalako m'malo, koma m'chilimwe ndi bwino kugawira aneba kusiyana n'kusunga. Food warmer nayo isatinamize. Imasunga kutentha kwa maola ochepa, kenako chakudya chimakhala chofunda usiku wonse, kutentha kumene tizilombo timakukonda. Za pachinkhoswe zija ndinayamba ndafunsa achemwali kuti zaphulidwa nthawi yanji. Akanati m'mamawa, sindikanatenga.

Okhala ndi firiji, nkhuku yophika imakhala masiku atatu kapena anayi ngati firijiyo yakhala ikuzizira bwino. Magetsi akathima tsiku lonse, masikuwo musawawerengenso choncho. Ndipo muzitenthetsa zokhazo zimene mudye. Kutulutsa poto yense, kumutenthetsa, kubwezera zotsala, mawa kubwerezanso, kumaumitsa nyama kuposa chipangizo china chilichonse pa zonse ndatchulazi.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, yophika ndi msuzi ipite mupoto wovundikira, nganga ipite panthunzi, yokazinga ipite muchiwaya koma madzi atsogole. Microwave ndi ya kuntchito basi.

Tsiku lachiwiri kunatsala nganga imodzi ya broiler, youma kale chifukwa pachinkhoswe inakazingidwa mopitirira. Imeneyo panalibe njira yoibwezera madzi, ndiye ndinaisandutsa ndiwo zina. Ndinainyenyanyenya ndi mafoloko awiri motsatira minofu. Ndinakazinga anyezi, tomato atatu akupsa bwino ogula kumsika waukulu, adyo ndi green pepper, n'kuthira madzi pang'ono mpaka msuzi unakhuthala. Nyama ndinaiika pomaliza penipeni, kuvundikira mphindi zinayi mpaka zonse zitabwata, n'kuphula. Timinofu topyapyala timeneti timamatidwa ndi msuzi mbali zonse, kuuma kuja sikumvekanso mkamwa, ndipo nthuli imodzi inakwanira anthu anayi ndi nsima. Mafupa amene ndinachotsa ndisanatenthetse, pamodzi ndi khosi, ndinawawiritsa ola limodzi ndi kachidutswa ka anyezi, kusefa, n'kuthira m'timakontena tiwiri. Tili mufiriza, tikudikira nkhuku imene idzatsale pa Khirisimasi.