Digiri ya biomedical engineering ku Wits: ndemanga ya munthu amene anaiphunzira

Pafupifupi mwezi uliwonse tikatuluka m'tchalitchi kuno ku Johannesburg, pamapezeka kholo limene limandikokera pambali n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwana wathu akufuna maphunziro munachita inu aja, kodi ndi aphindu?" Yankho la pakhomo la tchalitchi limakhala lachidule, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba bwinobwino mmene ndimaionera digiri ya biomedical engineering (uinjiniya wa zida za m'chipatala) ya pa yunivesite ya Witwatersrand, imene tonse timangoti Wits.

Chimene kholo liyenera kumvetsa lisanatulutse ndalama iliyonse n'chakuti digiriyi ndi ya zaka zitatu, koma payokha siimusandutsa munthu injiniya wovomerezeka. Dzina lake ndi Bachelor of Engineering Science, ndipo amene wangoimaliza sangalembetse nayo monga injiniya wathunthu ku ECSA, bungwe limene limayang'anira mainjiniya m'dziko muno. Ukaimaliza umafika pamphambano. Ena amalowa chaka chachitatu cha uinjiniya wa zamagetsi kapena wa information engineering n'kuwonjezera zaka ziwiri, pamene ena amapikisana kuti alowe udokotala kudzera mu GEMP, pulogalamu yotenga anthu amene ali kale ndi digiri, ndipo malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna. Yunivesite imafotokoza zimenezi poyera, koma ineyo ndinawerenga mothamanga, moti amalume anga amene ankandilipirira anakonzekera ndalama za zaka zitatu pamene ulendo wanga unali wa zaka zisanu. Mlanduwo unali wanga, ndipo tsiku limene ndinawaululira sindinadye nsima mokoma.

Pa maphunziro enieniwo ndilibe chodandaula. Wophunzira amakhala wa malo awiri: masamu, fizikisi, zamagetsi ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta zimachitikira ku Braamfontein, pamene kapangidwe ka thupi la munthu ndi mmene ziwalo zimagwirira ntchito amakaphunzira ku sukulu ya zaudokotala ku Parktown, pafupi ndi chipatala cha Charlotte Maxeke, ndipo mabasi a yunivesite ndi amene amalumikiza mbali ziwirizi. Poyamba zimaoneka ngati ukuphunzira zinthu zosagwirizana, mpaka tsiku limene zimakumana patebulo limodzi. Kwa ine zinakumana pa makina a ECG, oyeza kagundidwe ka mtima. Mphamvu ya magetsi imene mtima umatulutsa ikafika pakhungu imakhala yaing'ono kwambiri, pafupifupi millivolt imodzi, pamene mawaya a m'chipinda amakhala akutaya phokoso la 50 Hz limene thupi limatola ngati mlongoti wa wailesi. Injiniya ayenera kukuza kamphamvu ka mtimako n'kusefa phokosolo, koma akasefa mopitirira amafufutanso mbali ya mzere imene dokotala amayang'ana kuti adziwe ngati mtima ukulandira magazi okwanira. Wodziwa magetsi okha amakondwera kuti mzere wake wayera, osadziwa kuti wachotsa uthenga wa wodwala; wodziwa thupi lokha amaona kuti mzerewo ndi wolakwika koma sadziwa pokonza. Digiriyi inakonzedwa kuti munthu mmodzi aziona mbali zonse ziwiri, ndipo pamenepo imagwira ntchito yake.

Kuphunzirira mumzinda uno kulinso ndi ubwino wake, chifukwa zitsanzo zina sizichokera kutali. Allan Cormack, amene masamu ake anathandiza kuti pakhale makina a CT ojambula m'kati mwa thupi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Godfrey Hounsfield, anabadwira mu Johannesburg momuno mu 1924, ngakhale kuti anakaphunzira ku Cape Town. Makina a Lodox, amene amajambula thupi lonse ndi X-ray yochepa m'masekondi 13, anachokera ku luso limene kampani ya De Beers inkagwiritsa ntchito pofufuza diamondi wobedwa ndi kubisidwa ndi ogwira ntchito m'migodi, ndipo lero amathandiza anthu ovulala pangozi.

Komabe si maphunziro a aliyense. Katundu wake ndi wolemera chifukwa mbali imodzi imafuna kuloweza mayina a mafupa, minofu ndi mitsempha, pamene ina imafuna kuthetsa masamu tsiku ndi tsiku, ndipo mayeso a mbali ziwirizi sadikirana. Mwana amene akulowa pongofuna njira yachidule ya ku udokotala, koma masamu amamuwawa, adzavutika pachabe. Amenenso akuganiza kuti azikhala akumasula makina a m'chipatala adzadabwa, chifukwa digiriyi imatsamira pa kumvetsa ndi kupanga zida, osati kukonza zowonongeka. Luso la m'manja ndinakaliphunzira kuntchito, kwa amisiri amene anandiposa kutali ngakhale analibe pepala langa.

Kwa ife ochokera kumudzi palinso nkhani ya mapepala. MSCE yokha siikwanira kulowera mwachindunji, ndipo munthu amafunika chilolezo cha Matriculation Board, bungwe loona ngati mapepala ako akukwanira kulowera yunivesite kuno, atawonjezera maphunziro ena monga A Level. Viza yophunzirira imafuna kuti ukhale ndi medical aid ya m'dziko muno, thandizo la boma la fizi lotchedwa NSFAS ndi la nzika ndi amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale basi, ndipo lendi ya ku Braamfontein siyang'ana kuti ndiwe mwana wa sukulu. Chotonthoza n'chakuti ochokera m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kuwonjezerapo ndalama yolembetsera ophunzira akunja.

Makolo ena amadabwa ndikawauza kuti ayerekezenso ndi kwathu, kumene MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zimaphunzitsa maphunziro omwewa. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa mogwirizana pakati pa yunivesite ya Rice ya ku America ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo amene cholinga chake n'kukatumikira zipatala za ku Malawi angapindule kwambiri kuphunzirira pafupi ndi mavuto enieniwo, monga kuthima kwa magetsi ndi kusowa kwa zipangizo zosinthira. Wits ndimailimbikitsa kwa mwana amene banja lake lakhazikika kuno, amakonda masamu mochokera pansi pa mtima, ndipo wina wavomera kumunyamula zaka zisanu. Mayi wina amene anandifunsa mwezi wathawu ndinawapempha kuti Lamlungu likubwerali abwere ndi lipoti la mwanayo, tione kaye masamu ndi fizikisi tisanakambe za fomu.