Taurus G2C: mfuti yaing'ono yotsika mtengo, ndi zimene wamalonda wa ku Kasungu ayenera kuwerengera asanaigule

Nyengo yogula mbewu ikayamba m'boma la Kasungu, amalonda amene amapachika masikelo pa Santhe, pa Chamama, pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya amayenda ndi ndalama zambiri m'zikwama, chifukwa mlimi amene wabweretsa soya kapena mtedza wake pa ngolo amafuna kulandira ndalama yake pamanja nthawi yomweyo. Ngakhale K5,000 inatuluka mu 2022, munthu wogula matani angapo amanyamulabe mitolo ya ndalama imene singabisike m'thumba la thalauza, ndipo achifwamba amadziwa bwino tsiku la msika ndi njira imene wamalondayo amabwererera madzulo. N'chifukwa chake ena mwa anzanga a malonda amandifunsa za Taurus G2C, mfuti ya mtundu wa pistol imene ndili nayo mwalamulo. Chimawakopa n'chakuti ndi yaing'ono yoti n'kubisika mkati mwa malaya, komanso mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi mfuti zina zodziwika.

Pano si ku America, kumene mfuti imeneyi imagulitsidwa kwambiri ndiponso kumene zambiri zimene timawerenga pa intaneti zimalembedwera. Ku Malawi mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la mu 1967, ndipo munthu sapita kaye ku sitolo ayi, amayamba wapempha chilolezo kupolisi, kumene amafufuza mbiri yake, chifukwa chimene akufunira mfutiyo ndi malo amene adzaisunga. Nkhani zimenezi zimathera ku likulu la polisi ku Area 30 mu mzinda wa Lilongwe, kumene kuli kaundula wa mfuti, ndipo laisensi yake imalipiridwa chaka ndi chaka. Amene akufuna kumayenda nayo m'chiuno afunse apolisiwo momveka bwino zimene chilolezo chake chikumulola kuchita. Mbale wa ku Joni sangangoikulunga m'bulangete n'kuitumiza pa basi, ngakhale kuti Taurus imapezeka m'masitolo a ku South Africa, chifukwa kulowetsa mfuti kapena zipolopolo m'dziko muno kumafunanso chilolezo chakechake.

Kampani ya Taurus ndi ya ku Brazil ndipo inayamba mu 1939. G2C inatuluka mu 2018 polowa m'malo mwa PT111 Millennium G2, imene imafanana nayo pafupifupi m'zonse. Imadya zipolopolo za 9mm, zimene zinapangidwa koyamba mu 1902 ndipo mpaka lero ndi zimene asilikali ndi apolisi a m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito m'mapistol awo. Magazini yake imalowa zipolopolo 12, paipi yake ndi yotalika mamilimita pafupifupi 81, mfuti yonse ndi masentimita 16 m'litali ndi masentimita atatu m'kunenepa kwake, ndipo ikakhala yopanda zipolopolo imalemera magalamu pafupifupi 620. Thunthu lake lam'munsi ndi la pulasitiki wolimba, pamene mbali ya pamwamba imene imabwerera m'mbuyo powomba, imene eni mfuti amaitcha slide, ndi yachitsulo.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri ndi chigwiriro chake. Anachikhakhalitsa ngati sandipepa m'mbali zonse, moti ngakhale m'manja mutachita thukuta la mu Okutobala mfutiyo siterereka, ndipo pansi pa magazini pali kamlomo kamene chala chaching'ono chimapumirapo, chinthu chimene mfuti zambiri zazing'ono zilibe. Kukhakhala komweko kuli ndi vuto lake, chifukwa mfuti ikakhala m'chiuno mkati mwa thalauza, chigwirirocho chimakhula khungu la m'nthiti, makamaka munthu akakhala pa njinga yamoto m'misewu yafumbi ya mabampu. Kuvala vesiti mkati kumathetsa vutoli. Pa nkhani ya kubisika, malaya otayirira osapisira amaibisa bwinobwino, koma munthu akawerama kuti anyamule thumba la makilogalamu 50 kuika pa sikelo, nsonga ya chigwiriro imatukula malaya kumbuyo ndipo aliyense amene waima pamzere amaiona. Wamalonda amene amagwira yekha matumba aganizire zimenezi mofatsa, popeza mfuti imene anthu aiona imasanduka katundu woyamba amene mbala ikufuna kulanda.

Powomba, trigger yake, kachitsulo kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire, imayenda mtunda wautali chala chisanamve pamene yalimba, kenako ndi pamene mfuti imalira. Munthu wozolowera mfuti zodula amadandaula nazo zimenezi, ndipo n'zoona kuti woyamba kumene amakonda kukoka mwaphuma, chipolopolo n'kugwera pansi pa chandamale chakumanzere ngati ali wa dzanja lamanja. Koma kwa munthu wamba amene sawomba kawirikawiri, ine ndimaona kuti kutalika kumeneku n'kothandiza, chifukwa mfuti siilira ndi kungoikhudza pang'ono. Ilinso ndi luso lakuti chipolopolo chikakana kuphulika, mukhoza kukokanso trigger kachiwiri osakoka slide, zimene mfuti yotchuka ya Glock sichita. Kumanzere kwake kuli kachitsulo kotsekera kuti mfuti isalire, kamene chala chachikulu chimatsitsa munthu akafuna kuwomba, ndipo pamwamba pali kachizindikiro kamene kamatukuka chipolopolo chikakhala m'paipi, moti ngakhale mumdima chala chimakamva. Kachizindikiroko ndi kothandiza, koma sikalowa m'malo mwa kutulutsa magazini ndi kusuzumira m'paipi ndi maso nthawi iliyonse imene mwainyamula. Chifukwa cha kupepuka kwake imakankha dzanja mwamphamvu kuposa mfuti yaikulu ya zipolopolo zomwezo, ngakhale kuti si mopweteka. Magazini ikakhala yatsopano sipuling'i yake imakhala yolimba kwambiri, moti kulowetsa chipolopolo cha nambala 11 ndi 12 kumasiya chala chachikulu chitachita mzere wofiira.

Pamene mtengo wotsikawo umaonekera ndi pa chitsulo chake. Utoto wakuda wa pa slide ndi wopyapyala, umayamba kuyera m'makona chifukwa cholowa ndi kutuluka mu holster, kachikwama koikamo mfuti m'chiuno, ndipo pamene wayera ndi pamene dzimbiri limayambira. Kuno thukuta la m'chilimwe ndi chinyezi cha m'dzinja zimathandizana pa ntchito imeneyi, ndipo fumbi la mu Ogasiti limalowa m'timipata tonse n'kusakanikirana ndi mafuta. Mwini wake ayenera kuipukuta ndi kansalu ka mafuta madzulo aliwonse amene wayenda nayo. Mwamwayi kuimasula n'kosavuta ndipo sikufuna chida chilichonse: mukatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, mumatsitsa tizitsulo tiwiri ta m'mbali, ndipo slide, paipi ndi sipuling'i zimatuluka padera. Ilipo ina ya slide yachitsulo chosachita dzimbiri, yokwererako mtengo pang'ono, ndipo kwa munthu wa kuno ndi imene ndingasankhe itapezeka. Tizizindikiro toyang'anira polunjika chandamale ndi ta pulasitiki, ndipo tikhoza kuphwanyika mfuti itagunda pa chitseko cha galimoto.

Wogula ayeneranso kudziwa mbiri ya kampaniyi. Mu 2016 khothi la ku America linavomereza mgwirizano wothetsa mlandu umene eni mfuti anasumira Taurus, ponena kuti mitundu isanu ndi inayi ya mapistol ake, kuphatikizapo PT111 Millennium yakale ndi PT24/7, inkatha kulira yokha ikagwa pansi. Nkhaniyi inakhudza mfuti pafupifupi miliyoni imodzi. Mitundu ya G2 sinali m'gulu limenelo, koma mfundoyi ndi yofunika kwambiri kwa munthu amene akugula mfuti yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa mayinawa ndi ofanana ndipo wogulitsa akhoza kungonena kuti ndi Millennium. Dzina lonse linalembedwa pa slide, ndipo liyenera kuwerengedwa bwino pamodzi ndi nambala ya mfutiyo.

Ku America G2C imagulitsidwa pa mtengo wozungulira madola 250, umene uli pafupifupi theka la mtengo wa Glock 19, mfuti ya ku Austria imene inatuluka mu 1988 ndipo imalowa zipolopolo 15. Glock ndi yolimba kuposa Taurus, chitsulo chake chimapirira thukuta, ndipo magazini ndi zipangizo zake zimapezeka pafupifupi kulikonse kumene mfuti zimagulitsidwa, koma ndi yokulirapo ndipo imavuta kubisa kwa munthu wochepa thupi. Mu 2020 Taurus inatulutsa G3C, imene ili ndi msinkhu womwewo ndi zipolopolo 12 zomwezo, koma trigger yake anaikonzako ndipo tizizindikiro take ndi tachitsulo. Zonse ziwiri zikapezeka m'sitolo imodzi ndipo kusiyana kwa mtengo kuli kochepa, G3C ndi yabwinopo. Mfuti za Canik za ku Turkey nazonso zili ndi mbiri yabwino pa mtengo wapakati, ngakhale kuti zambiri mwa izo ndi zonenepa ndi zolemererapo.

Pali mfuti ina yotsika mtengo kuposa zonsezi, ndipo ndi imene ndimaopa kwambiri kuti anzanga angakopeke nayo. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri zinatsalira m'manja mwa anthu ndipo zina zinadutsa malire, moti m'maboma a m'malire muno munthu amatha kunong'onezedwa kuti pali pistol yakale imene angapatsidwe popanda pepala lililonse. Mfuti yotereyi mwina inaphapo kale munthu, zipolopolo zake ndi zakale zimene zikhoza kukana kapena kuphulikira m'manja, ndipo kungopezeka nayo ndi mlandu wopita nawo kundende ngakhale usanaiwombepo. Wamalonda amene wagwidwa nayo pa rodibuloko ya mu msewu wa M1 amataya ufulu wake ndi mpamba wonse umene ankafuna kuteteza uja.

Cholakwika chachikulu chimene ndimaona pa mawerengedwe a anthu n'chakuti amangoyang'ana mtengo wa mfuti yokha. Madola 250 aja ndi a ku America. Mfuti ikafika kuno yadutsa m'misonkho, m'zilolezo ndi m'phindu la wogulitsa, ndipo kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera koopsa. Ogulitsa mfuti ovomerezeka ndi ochepa ndipo munthu wa ku Kasungu amayenera kupita ku mzinda, choncho asanasankhe mtundu afunse kaye ngati magazini ndi zipolopolo zake zimapezeka nthawi zonse. Zipolopolo ndizo zimadya ndalama kwa nthawi yaitali, popeza munthu amene sanawombepo mokwanira pa malo ovomerezeka, moyang'aniridwa ndi wodziwa, sangalase chandamale ali ndi mantha usiku, ndipo chipolopolo chimene chaphonya mbala chimapitirira kukaboola khoma la njerwa zosawotcha kumene kukugona ana a eni ake. Pamenepa ndi pamene kutsika mtengo kwa G2C kuli ndi phindu lenileni, chifukwa ndalama imene yatsala ikhoza kupita ku maphunziro ndi zipolopolo zoyeserera.

Holster nayo si ya mwamwayi. Iyenera kukhala yolimba, youmbidwa molingana ndi mfuti imeneyi, ndipo iphimbe trigger yonse kuti nsalu ya malaya kapena chingwe cha jekete chisakolemo. Kusomeka mfuti mu lamba popanda holster, kapena kuiponya m'chikwama momwe muli makiyi ndi zolembera, ndi njira imene anthu amadziwombera okha m'ntchafu. Kunyumba pafunika bokosi lachitsulo lokiya lomangiriridwa ku khoma kapena pansi, ndipo kiyi wake asakhale pamene ana, alendo kapena antchito angamupeze. M'nyumba zathu mmene mumakhala ana a abale ambiri, pansi pa pilo ndi pamwamba pa wodiropu si malo obisika kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Sindingalimbikitse mfuti imeneyi, kapena ina iliyonse, kwa munthu wa mtima wapachala, womwa mowa mwauchidakwa, kapena amene m'banja mwake mumachitika ndewu, ndipo munthu amene akuvutika maganizo chifukwa cha ngongole za ulimi asakhale nayo pafupi mpang'ono pomwe. Laisensi sipatsa munthu ufulu wowombera wakuba amene akuthawa ndi thumba la chimanga. Khothi limafunsa ngati moyo unalidi pachiswe ndiponso ngati mphamvu imene inagwiritsidwa ntchito inali yolingana ndi chiopsezocho. Amalonda ambiri angachepetse chiopsezo chawo kwambiri polipira alimi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba pamene netiweki ilipo, posungitsa ndalama ku banki pa Kasungu boma dzuwa lisanalowe, ndi posinthasintha nthawi yoyendera. Alimi a fodya amene amagulitsa ku Chinkhoma amalandirira ndalama zawo ku banki, ndipo vuto lonyamula mitolo ya ndalama kuchokera kumsika alibe.

Kwa amene wadutsa m'zonsezi, chilolezo chili m'manja ndipo ntchito yake imamukakamizabe kuyenda ndi ndalama kumadera akutali, G2C ndi mfuti yokwanira ntchito yake: imagwirika bwino, imalowa zipolopolo zambiri poyerekeza ndi msinkhu wake, ndipo imafuna mwini wake wosatopa ndi kuipukuta. Ali m'sitolo aigwire ndi dzanja limene amawombera, aone ngati chala chachikulu chikufika pa kotsekera popanda kusuntha chigwiriro m'manja, akoke slide kangapo kuti amve ngati mphamvu zake zikukwanira, ndipo ayerekeze nambala ya pa mfuti ndi imene yalembedwa pa mapepala ake asanapereke ndalama. Agulenso magazini yachiwiri tsiku lomwelo, chifukwa akadzaifuna patapita chaka mwina sadzaipeza.