Jasper wofiira kapena Ocean Jasper: woyika pa mphete ya siliva ndi uti?

Anzanga akhala akundifunsa kuti pakati pa mwala wa jasper wofiira ndi uja wamawangamawanga wa ku Madagascar, amene amamutcha Ocean Jasper, woyenera kugula ndi uti. Ndiyankhe pano kamodzi n'kamodzi.

Pa kulimba palibe woposa mnzake. Onse ndi a banja la quartz, pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala ali pakati pa 6.5 ndi 7, ndiye sakandika wamba.

Pa kukongola Ocean Jasper wapambana, izi sinditsutsa. Mwalawu unachokera ku chiphalaphala cha mapiri ophulika. Chitazizira, madzi okhala ndi silica, chinthu chimene chimapanga quartz, analowerera m'kati mwake, n'kusiya timizere tozungulira tooneka ngati maso, tobiriwira, toyera, tachikasu, tina tofiirira. Amaukumba kufupi ndi Marovato, kugombe la kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar, ndipo malo oyambirira ankafikako pa boti, n'kumakumba nyanja ikaphwera. Amene anaonapo mwala wa agate wa ku Ngabu akudziwa zimene silica amachita akadzaza timabowo ta mwala wa chiphalaphala. Jasper wofiira alibe mbiri yokoma chotero. Kufiira kwake n'kwa chitsulo cha hematite chimene chili m'kati, ndipo amapezeka m'maiko ambiri monga South Africa, India ndi Brazil. N'chifukwa chake mtengo wake uli pansi.

Koma chimene chimandiwawa ine si mwala, ndi chitsulo chimene mwalawo wakhalapo. Mphete yanga ya Ocean Jasper ndinaigula pa intaneti kwa wogulitsa amene analemba kuti ndi ya siliva. Mwala unali weniweni, wobiriwira bwino, wokhala ndi kadiso koyera pakati. Sipanapite nthawi chala chinayamba kuyabwa, ndipo ndikavula mphete pamatsala mzere wobiriwira pakhungu. Nditaitembenuza ndinaona kuti m'kati mwasupuka, pakuoneka chitsulo chachikasu. Siliva anali wongokutira pamwamba. Kenako tsiku lina ndikuchapa, mwala unagwera m'beseni. Pamene unakhala panali kachibenthu ka guluu wouma, basi. Panalibe mkombero uliwonse wougwira.

Ndalama yobisika ili pamenepa. Kuti mwalawo uvalidwenso ndinapita nawo kwa mmisiri wosula siliva, ndipo kupanga mphete yatsopano kunadya ndalama zoposa zimene ndinagulira yoyamba ija. Mmisiriyo ndiye anandionetsa kusiyana kwake. Anatenga kachingwe ka siliva kopyapyala, n'kukazunguliza m'mbali mwa mwala, kenako n'kumakapinda pang'onopang'ono ndi kachitsulo mpaka mlomo wake unaluma mwala mbali zonse. Wotero sugwa, kaya muchape kaya mutsuke mbale.

Mwa zimene ndaona ine, mwala ukakhala wokopa maso ogulitsa ena amaumira pa chitsulo, podziwa kuti wogula akuyang'ana mawanga okha. Ndiye funsani. Siliva wa mphete amakhala magawo 92.5 pa 100 alionse, otsalawo nthawi zambiri ndi kopa woti alimbe, ndipo amadindidwa nambala 925 m'kati. Chidindocho ena amanamizira, choncho wogulitsa anene poyera ngati ndi siliva yense kapena wokutira. Maginito amathandiza pang'ono chabe: akakoka mphete dziwani kuti si siliva, koma kusakoka si umboni, pakuti mkuwa nawo sukokedwa. Siliva weniweni amada ndithu pakapita nthawi, koma mukapukuta ndi kansalu amawalanso. Wokutira akasupuka, wasupuka.

Palinso china pa Ocean Jasper. Zidutswa zambiri zimakhala ndi timaenje ta timakristalo, tokongola pa kuwala, koma pa chala timadzaza sopo ndi mafuta odzola. Wofiira wopalidwa bwino amakhala see, litsiro lilibe pobisala.

Wina anandifunsa za mwala wa Dalmatian jasper, woyera uja wa madontho akuda wochokera ku Chihuahua, Mexico. Ameneyu si jasper n'komwe ngakhale amamugulitsa ndi dzinalo, ndipo mukamuona wabuluu kapena wapinki, ndi utoto.

Ine pa mphete yovala tsiku ndi tsiku ndili kumbali ya wofiira. Ndalama imene mwapulumutsa pa mwala ipite ku siliva wa 925 ndi mmisiri wodziwa kupinda mkombero, ndipo kufiira kwa njerwa yootcha kumakhala bwino zedi pa siliva woyera. Ocean Jasper mugule ngati mwamukondadi, koma akhale wa pakhosi kapena ndolo, kumene sakumana ndi madzi ochapira. Ndipo musanalipire, wogulitsa akutumizireni chithunzi cha m'mbali ndi cha kunsi kwa mwala, muone chimene chaugwira.