Ye Olde Cheshire Cheese, bala yakalekale ya ku Fleet Street

Amene muli kuno ku London, kapena mukubwera kudzaona abale, bala iyi musaiphonye. Ine ndinapitako Lachisanu titaweruka ndi alamu anga, tinaidutsa kawiri osaona polowera chifukwa khomo lake sililoza kumsewu waukulu ayi, umalowa kaye kanjira kopanikizika kotchedwa Wine Office Court kenako ndi pomwe ukuona chitseko. Dzina la kanjirako palokha ndi mbiri, pamenepo kale panali ofesi yopereka malaisensi ogulitsira vinyo. Ndiye tangoganizani, ofesi inatha kalekale koma womwera mowa alipobe!

Nyumbayi inamangidwanso mu 1667, moto waukulu uja wa 1666 utapsereza mzinda, ndipo panja anakhoma chikwangwani cha mafumu onse omwe alamulira dzikoli kuchokera pomwe balayi inatsegulidwa, kuyambira Charles II. Mkati ndi mdima bwanawe, ngakhale kunja kuli dzuwa. Makoma a matabwa akuda bii, tizipinda ting'onoting'ono, masitepe opapatiza otsikira pansi, alamu anga poti ndi atali amangoyenda chowerama ngati akulowa mnyumba ya agogo kumudzi. Pansi penipeni pali zipinda zamiyala zadenga lokhota, amati zinali za amonke a Carmelite m'zaka za m'ma 1200. Ife tinakhala komweko, netiweki kulibe, tinacheza ngati anthu. Nyumbayi ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, Grade II, sungangogumula khoma popanda chilolezo, nchifukwa chake sinasanduke magalasi okhaokha ngati maofesi oyandikana nayo.

Pali chinkhwe china dzina lake Polly, chinafa mu 1926 koma anachiumika chilipobe, akuti chinali chotukwana koopsa kkkk.

Za malaisensi zinandisangalatsa. Ku England lamulo loti wogulitsa mowa akhale ndi chilolezo cha majisitireti linayamba mu 1552. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse boma linadula maola omwera kuti anthu opanga zida asamajombe, mabala amatseka masana nkudzatsegulanso madzulo, ndipo zimenezi zinakakamira mpaka 1988, ndiye atolankhani a ku Fleet Street, msewu womwe kale unali likulu la manyuzipepala, omwe ankadzadza muno ankamwa akuyang'ana wotchi. Kuyambira 2005 malaisensi amapereka ndi makhonsolo osati makhothi.

Mowa ndi wa Samuel Smith wokhawokha, wofululidwa ku Tadcaster ku Yorkshire, musavutike kufunsa mabrandi omwe munazolowera. Ine ndinamwa stout wawo, wakuda wokoma bwino, alamu anatenga payi ya nyama ndi mbatata yopota mpaka mbale inayera. Nyimbo kulibe, TV kulibe, ofuna mpira pitani kwina. Mukafika musakhale chipinda choyamba chomwe mwaona, tsikani pansi kaye muzungulire, ndipo bwerani msanga chifukwa ikakwana 6 koloko a m'maofesi amadzadza mpaka kukanjira kuja.