Etymonline: Imakumba Gwero la Mawu, Koma Siyiphunzitsa Kuwagwiritsa Ntchito

Aphunzitsi a Chingerezi ndi omasulira amene akufuna kudziwa komwe mawu anachokera angapindule ndi Etymonline, webusaiti imene Douglas Harper anayambitsa mu 2001. Ndi yaulere, ngakhale zotsatsa malonda zimasokoneza maso pa foni. Mawu onena za mapazi a nyama amaonetsa bwino pomwe imachita bwino ndi pomwe imaperewera.

Mukalemba "paw" m'kabokosi kofufuzira, imakuuzani kuti mawuwa anayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1300, kuchokera ku Chifalansa chakale "poue", ndipo amanena phazi la nyama ya zikhadabo monga galu, mphaka kapena mkango. Imavomerezanso poyera kuti gwero lake lenileni silidziwika, zomwe mawebusaiti ambiri amabisa n'kungopeka nkhani. "Hoof", chiboda cha ng'ombe kapena hatchi, ndi a Chingerezi chakale "hof", pachibale ndi "Huf" wa Chijeremani. Osangalatsa ndi "trotter": poyamba ankatchulira hatchi yothamanga pang'onopang'ono, ndipo m'ma 1520 ndi pomwe anayamba kunena phazi la nyama ya miyendo inayi.

Ambiri amaphonya pa zidule. "14c." akutanthauza zaka za m'ma 1300, osati 1400. Chaka chimene webusaitiyi imaika pa mawu ndi pomwe mawuwo anapezeka atalembedwa koyamba, pakamwa anthu anayamba kuwatchula kale. Kanyenyezi kutsogolo kwa mawu kakusonyeza kuti akatswiri anachita kuwaganizira poyerekeza zinenero, sanawapeze m'buku lililonse, choncho musawapereke kwa ana a sukulu ngati umboni.

Vuto lalikulu n'lakuti matanthauzo amawasanja potsata zaka, osati potsata momwe anthu akulankhulira lero. Wophunzira akhoza kutola tanthauzo loyambirira n'kulilemba pa mayeso pomwe linatha kale. Siyikuchenjezani mokwanira kuti masiku ano "trotters" amamveka kwambiri kubutchala ndi kukhitchini, makamaka ponena miyendo ya nkhumba yophika, ndiye amene akumasulira mndandanda wa zakudya wokhala ndi mang'ina ayenera kuonjezera dzina la ng'ombe kuti kasitomala asaganize za nkhumba. Komanso kunena kuti munthu ali ndi "paws" ndi nthabwala kapena chipongwe.

Pa kagwiritsidwe ndi zitsanzo za ziganizo, tsegulaninso mtanthauziramawu wa ophunzira wa Cambridge kapena Oxford.